Kusoka kwiliti uli pa maulendo osatha: mmene mungapangire kuti ntchito isaime

Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Januwale ambiri a ife sitikhala pansi. Loweruka ili kuli chinkhoswe ku Ntcheu, linalo ukwati ku Mzuzu, mkati mwa sabata akuntchito akutumani ku Mangochi, mukati mupume nde kwabwera za kumudzi zoti mukasiye mbewu ndi feteleza mvula isanagwe, ena ndi aja okwera basi ya ku Joni kokaoda katundu wa Khrisimasi. Nthawi yonseyi kwiliti ija (chofunda chosokedwa polumikiza tizidutswa ta nsalu) munayamba mu Juni kukuzizira yangokhala mu jumbo pamwamba pa wadiropu, ndipo mukadzaitsitsa mu Febuluwale simukukumbukanso kuti chidutswa chiti chimapita pati.

Makina osokera simunganyamule, tebulo lodulirapo simunganyamule, nsimbi mwina mukaipeza kumene mukupita mwinanso ayi. Chomwe chimayenda nanu ndi manja ndi miyendo yoikapo nsalu basi. Nde nkhani yonse yagona pa kukonzekera muli kunyumba, kuti panjira pazingotsala kutola singano nkuyamba. Mukanyamuka musanadule nsalu, ulendo umenewo simusoka kanthu, ndikukuuzani zoona.

Yambani ndi kugawa ntchito pawiri

Tulutsani zonse zomwe munayamba, muziyale pa bedi, muone chilichonse kuti chatsala ndi chani. Pali ntchito ya patebulo, monga kuchapa nsalu, kusita, kuyeza, kudula, kusoka mizere italiitali pa makina, kuyala nsalu zitatu zija pamodzi (yapamwamba, yapakati yofunditsa ndi yakumbuyo). Ndiye pali ntchito ya pamiyendo, yomwe ndi kulumikiza tizidutswa ndi manja, kupinda nsalu pa pepala, kusokerera maluwa pa nsalu ina, kumalizitsa mpendero wa m'mbali. Ya patebuloyo muiwale kaye mpaka mudzakhazikike, kapena muzipanga masiku awiri atatu amene mwapezeka pakhomo. Ya pamiyendoyo ndi imene tikukamba pano.

Ndipo musankhe chinthu chimodzi. Chimodzi basi. Kunyamula ntchito zitatu poganiza kuti mukatopa ndi iyi mutenga iyo kumangolemetsa chikwama, pobwera zonse zitatu zasunthako pang'onopang'ono koma palibe yooneka. Ngati muli ndi kwiliti yaikulu ya pa bedi la dabulo imene yatsala mpendero okha, imeneyo isiyeni pakhomo, kunyamula chibulangete chonse mu Okutobala kutentha kuja nkumachiika pamiyendo mu basi ndi chilango. Koma ngati ndi kakwiliti ka mwana kapena kansalu ka patebulo, mpendero wake ndi ntchito yabwino ya madzulo ku loji.

Kwa ine njira yoyenera paulendo kuposa zonse ndi ija yokulunga nsalu pa timapepala, azungu amati English paper piecing. Si yatsopano ayi, ku York ku England kuli chofunda cha silika chosokedwa chonchi cholembedwa chaka cha 1718, ndipo ku America cha m'ma 1930 azimayi ankasoka kwambiri maluwa a timahekisagoni (tizidutswa ta mbali 6 zofanana) kuchokera ku zotsalira za madiresi. Ubwino wake ndi woti pepala lija limagwira shepu, nde ngakhale mutakhala pa benchi ya pa depoti dzanja likunjenjemera ndi kutopa, ngodya zimakumanabe bwinobwino. Komanso imadya tizidutswa tating'ono, tija matelala a pakhonde amasesa madzulo. Mukagwirizana ndi telala wanu amakusungirani jumbo yonse ya zotsala za zitenje, ena amangokupatsani ena mumawapatsa ya fanta.

Chapani nsalu kaye, apa musadumphe

Zitenje zambiri zimabwera zolimba ndi sitachi, zina zimafupika zikachapidwa koyamba, zina zimasuluka makamaka zofiira ndi zabuluu wakuda uja. Mukasoka osachapa, tsiku lodzachapa kwiliti yonse chofiira chija chilowa mu zoyera ndipo ntchito ya miyezi yawonongeka. Nde tengani beseni, madzi ofunda ndi sopo pang'ono, muviike mtundu uliwonse pawokha. Tsukuluzani mpaka madzi atuluke oyera. Chidutswa chimene chikusulukabe mutatsukuluza kangapo chichotseni, mukapangire chopukutira mapoto. Ena amati thirani mchere kapena viniga mtundu ugwire, ine sindidalira zimenezo pa zitenje zogula kale, bola kungochitaya pambali.

Tizidutswa tating'ono musatipikite kwambiri timayoyoka m'mbali, ingofinyani ndi dzanja muyale pa thaulo, tikatsala pang'ono kuuma musite.

Chinanso, si chitenje chilichonse chili cha thonje. Zotchipa zambiri masiku ano ndi poliyesitala, zimaterera, sizigwira mpindo ukapinda ndi chala, komanso nsimbi ikatentha zimakwinyika. Kuti mudziwe dulani kachidutswa kakang'ono mukayatse ndi machesi panja: thonje limapsa ngati pepala nkusiya phulusa lofewa, poliyesitala amasungunuka nkusiya kambulu kolimba kakuda. Mukhoza kusakaniza ngati mulibe kuchitira mwina koma ntchito ya manja imakoma ndi thonje.

Kupanga timapepala

Simukufunika kuitanitsa chilichonse kunja. Bwerekani kampasi ya mu mathematical set ya mwana. Itsegulireni pa inchi imodzi, jambulani bwalo pa katoni yolimba ngati ya cornflakes kapena ya sopo, ndiye osasintha kampasiyo ikani nsonga yake pa mzere wa bwalo mudinde, musunthire pomwe mwadindapo mudindenso, mpaka muzungulire. Mupeza madontho 6 ndendende. Lumikizani madonthowo ndi rula, ndi hekisagoni imeneyo, mbali iliyonse inchi imodzi. Dulani mosamala chifukwa iyi ndiye mayi wa timapepala tonse, ikapindika onse apindika.

Timapepala tokulungira nsalu dulani pa pepala lolimbirako, makalendala akale, zikuto za magazini, makadi a ukwati aja adzadza mu diroo (nyengo ino ndiye simungasowe kkk). Nyuzipepala ayi, ndi yofewa komanso inki yake imadetsa nsalu mukatuluka thukuta m'manja. Muzijambula ndi pensulo yosongoka, ndipo nthawi zonse jambulani kuchokera pa katoni ija, osati kuchokera pa pepala lomwe mwangodula, apo ayi saizi imakula pang'onopang'ono osazindikira. Ngati muli ndi chobowolera mapepala cha mu ofesi bowolani pakati pa kalikonse, bowo limenelo ndi lolowetsapo pini komanso lodzakokera pepala pochotsa.

Za saizi tiyeni tiwerengere limodzi chifukwa apa ndi pamene anthu amadzipweteka. Kakwiliti ka mwana ka masentimita 90 kwa 110 kamafuna timahekisagoni ta inchi imodzi pafupifupi 590. Mukakweza mbali kufika inchi imodzi ndi hafu mufuna cha m'ma 260. Mukafika mainchi 2 ndi cha m'ma 145 basi. Zithunzi za pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti lija, za tinthu ting'onoting'ono zimakopa, koma ngati ndi koyamba ndipo muli pa maulendo tengani inchi imodzi ndi hafu kapena mainchi 2. Komanso maluwa a pa chitenje ndi akuluakulu, pa kahekisagoni kakang'ono saoneka nkomwe, mumangoona mtundu.

Kudula nsalu

Simukuyenera kudula nsalu mu shepu ya hekisagoni, zimangotayitsa nthawi. Dulani masikweya. Pa pepala la inchi imodzi sikweya ya mainchi 2 ndi hafu imakwana, pa la inchi imodzi ndi hafu dulani mainchi 3 ndi hafu, pa la mainchi 2 dulani mainchi 4 ndi hafu kapena 5. Chofunika nchoti nsalu ipitirire pepala ndi mamilimita 6 mpaka sentimita imodzi mbali zonse. Ine ndimakonda sentimita yathunthu pa zitenje chifukwa zina ulusi wake ndi wotayana, zimayoyoka mukamazigwiragwira mu chikwama. Ngati ngodya za sikweya zikuchuluka kumbuyo mudzazidula mukakulunga.

Ngati pali duwa kapena mbalame pa chitenje imene mukufuna ikhale pakatikati, bowolani hekisagoni pa katoni ina ikhale ngati windo, muziyendetsa pa nsalu mpaka muone chomwe mukufuna nkudula pamenepo. Zimadya nsalu koma duwa limatuluka mochititsa kaso.

Kenako longedzani duwa lililonse palokha. Duwa limodzi ndi timahekisagoni 7, kamodzi pakati 6 mozungulira. Mukafuna lalikulu mumawonjezera mzere wina wa 12 kukhala 19. Nde mu envulopu imodzi kapena kapulasitiki ka zipu ikani masikweya 7 ndi mapepala 7, mitundu mwasankhiratu. Kusankha mitundu ndi ntchito ya pakhomo masana kukuwala, osati mu chipinda cha loji cha babu lachikasu lija, kumene buluu ndi gilini zimaoneka chimodzimodzi. Mukapanga maenvulopu 20 kapena 30 Lamulungu limodzi masana ndiye kuti mwezi wonse wa maulendo mwauphimba. Ulendo wa masiku awiri tengani atatu kapena anayi, wa sabata tengani khumi, otsalawo asiyeni mu bokosi pafupi ndi pomwe mumaika sutikesi kuti polongedza muzingotapa.

Kachikwama ka zida

Kakhale kakang'ono kolowa mu handibagi, ka pensulo ka ana asukulu kapena kachitini ka masiwiti kokhala ndi chivindikiro cholimba. Mukayamba kufuna chikwama chapadera cha zosokera ndiye kuti mwachulutsa. Mkatimo muzikhala singano zitatu kapena zinayi zopyapyala, za nambala 9 kapena 10, zobayidwa pa kansalu kokhuthala, chifukwa singano imodzi yokha ikagwera pansi pa mpando wa basi ulendo wonse watha. Ulusi mpukutu umodzi wabwino wosokera, wotuwa kapena wa khaki, mitundu imeneyi imabisala pa zitenje zamitundumitundu kuposa woyera kapena wakuda. Ulusi wina wotchipa wokulungira, uja wotsala ku ma bobini ndi wabwino. Mapini ochepa kapena timapepa kilipu tiwiri titatu. Kachisoti kachitsulo kovala ku chala, kapena pulasitala wa pa chilonda ngati simunazolowere kachisotiko. Kaphula ka njuchi kopakira ulusi kuti usamapotane, kachidutswa ka kandulo kamathandizanso. Ndi chodulira ulusi.

Onjezani ka tochi kovala kumutu kapena kothandizira kuwerenga kochajidwa ndi USB. Kumudzi kulibe magetsi, mutauni nawo amathima, ndipo tochi ya pa foni imafuna dzanja lachitatu lomwe mulibe. Amene maso anayamba kuvuta musaiwale magalasi ndi kaja kolowetsera ulusi pa singano.

Chinthu chimodzi chothandiza kwambiri: usiku woti mawa mukunyamuka lowetsanitu ulusi mu singano zonse. Mu galimoto yoyenda kulowetsa ulusi pa singano ya nambala 10 ndi nkhondo.

Ngati mukukwera ndege

Singano zosokera zimaloledwa mu chikwama cha m'manja m'maiko ambiri. Sizasi ndi imene imavuta. Ku UK amalola ya mpeni wosapitirira masentimita 6, ku America amalola yosakwana mainchi 4 kuyeza kuchokera pa kamsomali kapakati, koma kulikonse mawu omaliza ndi a ofisala amene wakupezani pa sikana, akati ayi ndi ayi. Komanso kuchoka ku Lilongwe kapena ku Chileka kupita kutali nthawi zambiri mumadutsira Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kumene mukhoza kusechedwanso ndi anthu ena a malamulo awo. Nde sizasi yanu yabwino ija ikani mu sutikesi yopita pansi, m'manja tengani chowengera zikhadabo, chimadula ulusi bwinobwino ndipo sichikopa maso. Chodulira nsalu chozungulira chija cha lezala chisayerekeze kulowa mu handibagi, chimenecho achotsa basi.

Kukulunga, ntchito ya mu basi

Ikani sikweya ya nsalu chakumaso pansi, pepala pakati, gwirani ndi pini kapena kilipu. Pindani mbali imodzi ya nsalu pa pepala, pindani yotsatira kuti pa ngodya pakhale mpindo, ndiye pa mpindo pamenepo sokani kawiri pamalo amodzi, nsalu yokha osaboola pepala. Pitani pa ngodya yotsatira, pindani, sokani kawiri, ulusi ukungodutsa kumbuyo kuchoka ngodya iyi kupita iyo, mpaka muzungulire. Muzizungulira mbali imodzi nthawi zonse kuti mipindo igone mofanana. Ubwino wosaboola pepala ndi woti ulusi umenewu simudzauchotsanso, umakhala momwemo kumbuyo, ndipo pepala limatuluka losawonongeka mudzagwiritsanso ntchito.

Pa mahekisagoni a mainchi 2 mbali imatalika nde pakati nsalu imatha kutukumuka, pamenepo bayani kamodzi kudutsa pepala pakati pa mbali iliyonse, mudzadula podzachotsa mapepala. Ena amagwiritsa guluu wa ndodo wa ana asukulu, kamzere kamodzi pa pepala chapatali pang'ono ndi m'mphepete nkupinda, ndi zachangu zedi, koma mu kutentha kwa Okutobala ndi Novembala guluu amafewa mu chikwama nkumata zonse, komanso mukachulutsa pepala limakana kutuluka. Ine ndimakhala ku ulusi.

Kukulunga sikufuna maso kwambiri, misoko yake siidzaoneka, nde ndi ntchito yoyenera pamene galimoto ikuyenda. Basi yaikulu ya Lilongwe kupita ku Blantyre ndi maola anayi kapena asanu, ndi nthawi yokwanira kukulunga maluwa angapo ngati msewu uli bwino. Yalani chitenje pamiyendo chikhale ngati thireyi, chilichonse chogwa chigwere pamenepo. Pofika malo a mabampu kapena okumbika bayani singano pa nsalu mudikire, musalimbane nazo. Mu minibasi yothinana anayi anayi musayese nkomwe, mubaya mnzanu kondakitala akamati sunthani. Ndipo amene mumachita chizungulire mukamawerenga m'galimoto, kusokanso kudzakuchititsani chimodzimodzi, dikirani poima.

Musanakhudze nsalu pukutani m'manja. Chipisi cha pa Ntcheu, chimanga chootcha, mbatata, nkhuku ya mafuta ija, zonsezi zimasiya zala pa nsalu yoyera. Kathaulo konyowa mu kapulasitiki kamakwana.

Kulumikiza, ntchito ya pamalo okhazikika

Apa ndi pofuna kuwala ndi mpando wosagwedezeka. Ku loji madzulo, pakhonde kumudzi m'mawa anthu asanayambe kubwera kudzakulonjerani, pa depoti podikira basi idzadze, pa eyapoti. Okwera basi ya ku Joni ndiye muli ndi nthawi yambiri, pa Mwanza, pa Nyamapanda, pa Beitbridge, paliponse pamenepo pali kudikira katundu asechedwe, ndipo duwa lathunthu limatha mutakhala pa chikwama chanu. Kungoti pasipoti ndi ndalama zikhale pathupi, musatengeke ndi singano mpaka kuiwala kuyang'ana katundu.

Dulani ulusi wotalika kuchokera ku chala kufika pa chigongono, masentimita 40 kapena 45. Wautali kuposa apo umapotana komanso umatha mphamvu podutsadutsa mu nsalu. Upakeni phula, mangani mfundo. Tengani kahekisagoni kapakati ndi kamodzi ka m'mbali, muziphatikize kumaso ndi kumaso, ngodya zikumane ndendende. Lowetsani singano pansi pa mpindo kuti mfundo ibisale, itulukire pa ngodya penipeni, sokani kawiri pamenepo. Ndiye yendani m'mphepete, singano ikungotola timaulusi tiwiri titatu ta nsalu iyi ndi tiwiri titatu ta inayo, osagwira pepala, msoko uliwonse motalikirana mamilimita awiri. Singano izilowa mowongoka osati mopendama. Kokani mokwanira kuti zigwirane koma osati mpaka nsalu ikwinyike. Pofika ngodya inayo sokani kawiri, dutsitsani singano mu kalupu kuti pakhale mfundo.

Mukatsegula nkuona timisoko tikuonekera pang'ono kumaso musadandaule, ndi mmene ntchito ya manja imaonekera, ndipo ikachapidwa timalowa. Koma ngati tikuoneka ngati mano a chipeso ndiye kuti mukutola nsalu yambiri, chepetsani.

Njira yachangu ya duwa ndi yoti mulumikize onse 6 ku kapakati kaye mozungulira ndi ulusi umodzi, kenako musoke mbali zomwe zatsala pakati pa awiriawiri. Kuti mbali zimenezo zikumane mumayenera kupinda duwa pakati, pepala la kapakati lipindika, palibe vuto. Duwa likatha libwezereni mu envulopu yake. Mapepala musachotse panjira, amateteza shepu mu chikwama.

Ndipo musamasiye ntchito pa mfundo. Mukafuna kuima, yambani msoko wotsatira ndi misoko itatu inayi nkusiya singano ili pomwepo ndi ulusi wake. Mawa mukapeza mphindi khumi mumangotola nkupitiriza osaganiza kuti ndinalekera pati. Kanthu kakang'ono koma ndi kamene kamasiyanitsa ntchito yoyenda ndi yogona mu chikwama.

Malo ena singano isatuluke. Pa maliro ayi, ngakhale pa siwa usiku utalike bwanji, anthu sangakumvetseni ndipo akhala akulondola. Pa chinkhoswe kapena kwa apongozi mukangofika, thandizani kaye ku moto ndi ku madzi, mudzatulutse zosoka ntchito zikatha anthu atakhala pa mkeka. Nthawi imeneyo ndiye zimakomanso chifukwa azakhali ndi ana amafuna kuona, mukhoza kuwapatsa masikweya akukulungireni, agogo ambiri dzanja lawo pa singano ndi labwino kuposa lathu. Mu miting'i ya kuntchito nayo musasoke pamaso pa abwana ngakhale mukumva zonse, dikirani nthawi ya tiyi.

Kuti musasokonezeke

Musananyamuke ulendo woyamba yalani nsalu kapena maluwa omwe alipo pa bedi mmene mukufunira adzakhalire, jambulani ndi foni. Chithunzicho mudzitumizire pa WhatsApp kuti chisasowe mkati mwa zithunzi za maukwati. Ngati maluwa ali ndi malo ake enieni lembani nambala pa pepala la kapakati kumbuyo, mzere woyamba 1A, 1B chonchi. Mu kachikwama muja muikenso kapepala kolemba kuti maluwa onse akufunika angati ndipo atha angati, muzichonga. Kwiliti ya mwana ya mahekisagoni a inchi imodzi ndi hafu imafuna maluwa cha m'ma 20 mukawerengera ndi timahekisagoni ta mtundu umodzi todzaza pakati pa maluwawo, nde mukamapanga awiri atatu pa ulendo uliwonse mukuona nokha kuti pofika Januwale nsalu yapamwamba yatha kapena yatsala pang'ono.

Musadziikire malire a tsiku ndi tsiku ngati kusukulu. Maulendo ena mudzabwera envulopu osatsegula nkomwe chifukwa kunali kuphika kwa anthu mazana kapena munangotopa, zimachitika. Koma ngati kwilitiyo ndi mphatso ya tsiku lodziwika, ya mwana wobadwa mu Disembala mwachitsanzo, werengerani mobwerera m'mbuyo ndipo musiye masabata atatu omaliza a ntchito ya patebulo. Mukaona kuti sizikwana musakakamire mahekisagoni mpaka m'mbali, tengani maluwa omwe atha muwasokerere pa masikweya a nsalu ya mtundu umodzi, masikweyawo mulumikize pa makina. Maluwa 12 pa masikweya 12 ndi kwiliti yathunthu ndipo palibe adzadziwe kuti pulani inali ina.

Amene simukonda za mapepala, masikweya wamba amasokekanso ndi manja. Dulani pakhomo, jambulani mzere wa pensulo kumbuyo mamilimita 6 kuchokera m'mphepete, panjira muzingotsata mzerewo ndi msoko wolowa nkutuluka, nkumabwerera m'mbuyo kamodzi pakapita misoko inayi isanu kuti ulimbe. Kungoti izi zimafuna kusita pafupipafupi, nde muzikanda msoko ndi chikhadabo mpaka mukapeze nsimbi.

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala zonse zikhale mu pulasitiki yotseka, chikwama chikanyowa pa kabaza mapepala amafewa ndipo inki ya kalendala imalowa mu nsalu. Singano nazo zimachita dzimbiri mukazisiya zobaya pa nsalu yachinyezi, dzimbiri lake silichoka.

Mukafika pakhomo

Tsiku lomwelo kapena mawa lake, musanachape nkomwe zovala za paulendo, tulutsani maluwa omwe atha muwaike mu bokosi lake, muone ulusi ngati watsala wokwanira, singano ngati zilipo zonse, muikemo maenvulopu atsopano. Mphindi zisanu basi, kachikwama kabwerere mu handibagi kali kokonzeka, chifukwa ulendo wina umabwera ndi foni ya usiku.

Mukapeza masiku angapo muli pakhomo ndi pamene muzilumikiza maluwa kukhala mizere, chifukwa nsalu ikakula siyendanso bwino. Pepala muzichotsa pokhapokha kahekisagoni kazunguliridwa mbali zonse 6, a m'mphepete asiyeni mpaka kumapeto. Lowetsani nsonga ya pensulo kapena kamtengo ka machesi mu bowo lija nkukoka, limatuluka mosavuta, mukalisita limagwiranso ntchito kawiri katatu. Zonse zikalumikizana sitani chakumbuyo kaye kenako chakumaso, chotsani mapepala otsala, ndiye muyale pa nsalu yapakati ndi yakumbuyo. Yapakati ngati batting yeniyeni, yofewa ija yoika mkati mwa kwiliti, simukuipeza, kabulangete kopyapyala kapena shiti ya fulanelo ya pa kaunjika yochapa bwino imagwira ntchito, ndipo kumbuyo chitenje chimodzi cha mamita awiri chimakwanira kwiliti ya mwana nkutsalako cha mpendero. Gwirani nsalu zitatuzo ndi mapini a sefeti motalikirana ngati chikhatho chimodzi, kuyambira pakati kupita m'mbali, musanayambe kusoka zodutsa zonse zitatu.